Filimu ya a Sefu ndi Filipo

A Sefu tinawaika m'manda mwezi wathawu. Pa sadaka yawo anyamata ena anayamba kunong'onezana kuti bwanji aonetse filimu ija, anthu awakumbukire. Shehe anakana, nati pa sadaka si poonetsera zithunzi. Ine ndinali kumbali ndikutsuka mbale, ndipo ndinaona nkhope za madoda ena pamkeka zikumasuka shehe atakana. Sikunali kuopa Mulungu kumeneko ayi. Madoda amenewo alimo mu filimuyo, ndipo sakuoneka bwino.

Ndagulitsa zitumbuwa pakhomo pa shedi ya vidiyo ya a Sefu, pamsika wathu kufupi ndi Nkhunga, kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana mpaka lero ali ndi wake. Choncho za a Sefu musandiuze. Ndikati anali munthu wabwino ndiye kuti ndanama, ndipo eni akewo akanamva akananditukwana. Anali wamtali, wa khosi lonenepa, wotsimphina mwendo wamanzere. Pa zaka zawo zomaliza anali ndi diso limodzi. Obwera kumene kuno amaganiza kuti diso ndi mwendo zinapita tsiku limodzi, koma ayi. Mwendo anawatema ndi chikwanje munthu wina woba nzimbe, iwo ali mlonda wa minda ya alimi ena kumtunda uko. Diso linapita pamsika pomwe pano, masanasana, ine ndikuona.

Za ulonda wawo ankazikamba monyadira. Ankati iwo sanaonepo wakuba amene anasiya kuba chifukwa cholangizidwa. Ankayenda ndi chikoti cha chikopa cha mvuu, ndipo akagwira munthu m'munda sankafunsa dzina. Pali mkulu wina, a Lufeyo, amene mpaka lero mkono wake ndi wokhota, sangapalase bwato, chifukwa cha nzimbe yoti angotafuna panjira. Mkazi wa a Sefu naye anatopa ndi zibakera nabwerera kwawo ku Kanyenda, osatenga ngakhale mphika. A Sefu sanamulondole. Ankati amene wanyamuka yekha njira yobwerera akuidziwa, ndipo mayiyo sanabwererenso.

Atasiya ulonda anamanga shedi ija: mpanda wa bango, denga la malata akale, mabenchi, wailesi ya kanema ndi jenereta imene inkatsokomola kuposa eni ake. Ankaonetsa mafilimu a ndewu okhaokha. Chingerezi sankachidziwa, Chitchaina ndiye musanene, koma ankaima pambali n'kumamasulira zonse mosakayika. Wina akalankhula mu kanemamo, iwo ankati, "Akuti bweza mbuzi ya amalume anga, ukapanda kutero lero ugona kumanda." Mwana wasukulu akayerekeza kuwakonza ankatuluka khutu likulira. Mafilimu anthabwala ankadana nawo. Ankati munthu wa ndevu zake kukhala pansi kuti wina amuseketse ndi kusowa chochita.

Adani awo akuluakulu anali ana osuzumira pa mipata ya bango. Filimu ikafika pokoma, a Sefu ankavula nsapato, n'kuzungulira kuseri mwakachetechete, kenako tinkangomva chikoti phwa! ndi kulira kwa ana akubalalika. Pamenepa ndi pamene ine ndi iwo tinkayambanirana.

"A Sefu, tsiku lina mudzapha mwana wa eni."

"Nabanda, kazingani zitumbuwa zanu. Zikupserera."

Tsiku lina atang'amba msana wa kamtsikana kena ndinawaimirira ndi chiwaya cha mafuta otentha m'manja. Anandiyang'ana, nayang'ana chiwayacho, nati mafuta akwera mtengo, ndisawawononge. Nyengo yonse ya dzinja imeneyo sitinapatsane moni.

Ana onse ankati akalawa chikoti kamodzi, basi. Mmodzi yekha ndiye ankabwerabe, Filipo. Anali wa zaka ngati khumi, wowonda, wa mutu waukulu, wa pakamwa posatseka. Bambo ake anabwera kuchokera ku Mulanje kudzadula nzimbe ndipo anamwalira konkuno, mayi ake ankapalira m'minda ya eni. Filipo anali ndi kabowo kake pafupi ndi mzati wakumbuyo. A Sefu akatseka ndi dothi, mawa lake kabowo katseguka. Miyendo ya mwanayo inali mizeremizere ya chikoti, koma akakwapulidwa ankangothamanga pang'ono, n'kutembenuka, n'kufunsa kuti, "Ndiye uja wa ndevu uja wafa, agogo?"

Mwanayo anali ndi luso lotsanzira anthu. M'mawa wina, a Sefu atapita kukagula mafuta a jenereta, Filipo anatola chingwe n'kuyamba kuyenda kutsogolo kwa shedi akutsimphina, mimba atatulutsa, akukalipira ana osaoneka ndi mawu okhuthala. Azimayi a tomato anaseka mpaka kugwirana. Kenako kuseka kunaduka, chifukwa a Sefu anali ataima kumbuyo kwake ndi chigubu m'manja. Ine ndinati lero mwanayu wafa. Filipo anauma pomwepo, mwendo umodzi uli m'mwamba.

A Sefu anaika chigubu pansi. "Wamanzere," anatero. "Ndimatsimphina wamanzere, chitsiru iwe. Yambiranso."

Anayambiranso. A Sefu anayesa kulimbitsa nkhope, koma mapewa anayamba kugwedezeka, kenako kunatuluka phokoso limene sindinalimvepo chikhalire, ngati chitseko cha dzimbiri. Anali kuseka. Masana ake Filipo anaonera filimu ali m'kati, pa benchi yakutsogolo, atapinda miyendo ngati mwini malo.

Ubwenzi wawo unali wa mikangano kuyambira m'mawa mpaka madzulo. A Sefu anali Msilamu wosaphonya Lachisanu ku mzikiti, Filipo anali wa kwaya ya ana kutchalitchi. Mwanayo ankagula mbewa zowamba n'kudzadyera dala pamaso pawo, akuyamwa mchira pang'onopang'ono. A Sefu ankakuwa kuti haramu, n'kumuthamangitsa mpaka pamsewu, koma chikoti chinkagunda pansi, pafupi ndi zidendene. M'mwezi wa Ramadani Filipo ankakhala moyang'anizana nawo akutafuna nzimbe mwaphokoso, n'kumawafunsa ngati akumva ludzu. Koma dzuwa likamapendeka anali Filipo yemweyo wothamanga kwa ine kudzatenga tiyi ndi zitumbuwa zoti agogo ake amasulire. Anthu ankadabwa. Ena ankati mwanayo wawadyetsa mankhwala.

Nkhani ya filimu inabwera ndi Ishumaeli, mwana wa mlongo wawo wa a Sefu, amene anakhalako ku Lilongwe nabwerako ndi kamera yobwereka ndi maloto ambiri. Atawaona awiriwa akulimbirana mutu wa chambo anati, "Malume, filimu ndi imeneyi. Simufunika ngakhale kuphunzira." Nkhani yake inali ya mlonda wankhanza ndi kambava kakang'ono kamene kamamupusitsa tsiku ndi tsiku mpaka awiriwo akhala mabwenzi. A Sefu anakana, nati iwo si chidole. Filipo anati palibe vuto, iye asewera mbali zonse ziwiri, poti kutsimphina akudziwa kale. Mawa lake a Sefu anafika atavala jekete lawo lakale la ulonda.

Zoyambirira anajambula m'mphepete mwa minda, ndipo zinayenda bwino. Filipo anadya mbewa zake pamaso pa mlonda. A Sefu anagwera mu ngalande osafuna, natuluka ali matope okhaokha akutukwana, Ishumaeli nati zimenezo ndiye zabwino kwambiri. Panatsala gawo loti kambava kaja kabe tambala wa mlonda n'kuthawira pakati pa msika. Ishumaeli anafuna kuti likhale tsiku la msika, anthu ali ambiri, ndipo anati tisauze aliyense.

"Tikawauza, malume, aliyense aziyang'ana mu kamera. Wina azibayibitsa, wina azipereka moni kwa abale ake aku Joni. Zikhala zachibwana."

Zinali zoona, anthu athu ndi otero. Anabisa kamera m'katoni yobowola, pakhonde la ometa tsitsi. Palibe mwa ife amene anakumbukira kuti sabata yomweyo njinga ya mnyamata wina wa kabaza inali itabedwa, ndipo anzake anali akuyenda ndi mitima yotupa. Palibenso amene anaganiza kuti a Sefu sankadziwa kuyerekeza. Iwo akakuwa, amakuwadi.

Dzuwa linali pamutu. Filipo anatulukira pakati pa mabenchi a usipa, tambala wofiira ali kukhwapa, akuthamanga ndi kuseka. Kumbuyo kwake a Sefu anatsegula pakamwa ndi mawu aja amene kale ankagwedeza munda wonse wa nzimbe.

"Wakuba! Mgwireni! Wakuba uyo!"

Msika wonse unatembenuka. Wa kabaza wina anakankhira njinga kutsogolo kwa mwanayo, Filipo nagwa chafufumimba, tambala nauluka. Asanadzuke, chidendene cha munthu chinamupeza pakamwa. Ndinamva mano akuthyoka ndili pa chiwaya changa. Anthu anachokera mbali zonse, wina ndi chibonga, wina ndi mpini, wina ndi mwala wa sikelo. Mayi wina wogulitsa mpunga, amene dzulo lake ankaseka nthabwala za mwana yemweyo, anabwera ndi thabwa. Ambiri sanaone n'komwe amene akumumenya, ankangoponya dzanja pamwamba pa mapewa a anzawo. Filipo anakuwa kamodzi kuti, "Ndi filimu!" Wina anamuyankha kuti filimu yake aionera kumanda.

Ndinataya beseni n'kuthamanga ndikukuwa dzina lake, koma ndani akanamva mzimayi wa zitumbuwa? Anandikankha ndikugwera pa mulu wa kabichi. Podzuka ndinaona tayala lakale likudutsa pamwamba pa mitu ya anthu, dzanja ndi dzanja. Wina anali atathamangira kale kwa anyamata ogulitsa petulo wa m'mabotolo pamsewu. Fungo lake linafika mpaka pamene ndinali.

A Sefu, ndi mwendo wawo uja, anafika mochedwa. Chimene sindidzaiwala ndi chakuti anthu anawapatsa njira mokondwa. "Afika eni ake! Apatseni mpata a Sefu!" Kwa iwo uyu anali katswiri wa mbava, wabwera kudzamaliza ntchito. Filipo anali chigonere, mkono utapindikira kumbuyo, tayala lili m'khosi, malaya atanyowa ndi petulo. Mwamuna wina wa malaya oyera anatambasula dzanja mwaulemu, ngati akupereka madzi osamba m'manja.

"Yatsani ndinu, bwana. Tambala ndi wanu."

A Sefu analandira machesiwo. Anawayang'ana, nayang'ana mwanayo, nawaponya mu ngalande ya madzi a nsomba. Kenako chikoti chinang'amba nkhope ya wa malaya oyera uja kuyambira pakhutu mpaka pachibwano. Anakwapula kumanja, anakwapula kumanzere, osasankha mkulu kapena mayi, akubangula ngati ng'ombe yophedwa. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anakwiya. Wina anati mdalayu wapenga, wina anati ndi gulu limodzi. Chidutswa cha njerwa chinachokera kumbuyo n'kuwapeza padiso lakumanja. Anagwada, magazi akutsikira m'ndevu. Sanayesenso kuimirira. Anakwawa, navula tayala m'khosi mwa mwanayo, namugonera pamwamba, thupi lonse lija litamuphimba, petulo akulowa mu jekete lawo. Zibonga zinayamba kugwera pamsana pawo.

"Tambala ndi wanga," ankatero, nkhope ili m'fumbi. "Mwana ndi wanga. Amene ali ndi machesi ena ayatse, tipsere limodzi."

Ndikanakonda kunena kuti mawu amenewo anawagwira mtima anthu, koma ndinaona wina akupapasa m'thumba. Chimene chinawabalalitsa si chifundo. Ishumaeli, amene nthawi yonseyi anali atauma pakhonde paja, anatulutsa kamera m'katoni n'kuikweza m'mwamba akulira, "Ndakujambulani nonse! Nkhope zanu zonse zili umu!" Msika unatha ngati kwagwa mvula. Panatsala nsapato, tomato woponderezedwa, ndi anthu awiri ogonerana pakati pa bwalo.

Onse awiri anawatengera kuchipatala ku boma. Filipo anatuluka ndi moyo, koma wopanda mano akutsogolo, mkono uli mu pulasitala, ndipo khutu lakumanja silinamvenso. Mayi ake atafika kuchokera kumunda anapeza a Sefu ali pabenchi panja pa wodi, mutu uli m'mabandeji. Anawawomba mbama mbali ya bala yomweyo. Ine ndinaopa, chifukwa chibadwire palibe amene anamenyapo a Sefu n'kuchoka ndi miyendo yake. Iwo anangoika manja pa mawondo nati, "Onjezani, mayi." Mayiyo anaonjezadi, mpaka mkono unatopa, kenako anakhala pansi n'kulira. Anamuletsa mwanayo kupondanso pa shedi.

Miyezi imeneyo a Sefu anaonda. Ankatsegula shedi, n'kuyatsa kanema, koma osamasulira. Anthu ankangoonera azungu akumenyana popanda wodziwa kuti mbuzi ndi ya yani. Ana anayamba kusuzumira pa bango momasuka, iwo ali phee pa kampando kawo. Tsiku lina chakumasana tinaona kanthu kakubwera kuchokera kumsewu, kakutsimphina mwendo wamanzere, diso limodzi katatsinzina, kakukalipa ndi mawu otuluka mphepo pa mpata wa mano. A Sefu anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Wachedwa. Tiyi wazizira." Ndinatembenukira ku chiwaya changa kuti asaone kuti ndikulira.

Ishumaeli ankafuna kufufuta zonse. A Sefu anakana. Anati filimu imalizidwe, ndipo za pamsika zikhalemo momwe zinachitikira, osadula kalikonse. Anajambula gawo lomaliza, mlonda wa diso limodzi ndi kambava kopanda mano akudyera mbale imodzi. Kenako analengeza kuti Loweruka masana filimu ya kwathu konkuno ionetsedwa ulere. Anthu anaganiza kuti zoipa zija anazichotsa. Shedi inadzaza mpaka ena kukhala pansi.

Poyamba kunali chiphwete. Za mbewa zija, za ngalande zija, anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako msika unaoneka pa kanema. A Sefu anadzuka, natseka chitseko, nakokera kampando kawo pakhomo, chikoti chili pamiyendo. Palibe anatuluka. Tinaonera zonse, phokoso lake lomwe. Zitatha anauza Ishumaeli kuti abwezere m'mbuyo, n'kumaimitsa chithunzi pa nkhope imodzi imodzi.

"Wanyamula mpiniyu ndani?"

Zii.

"Simukumudziwa? Amakhala mzere wakutsogolo ku mzikiti. Nanga uyu wa thabwayu? Si amene amayambitsa nyimbo pa maliro?"

Anatchula onse, mayina ndi mayina a makolo awo. Ena anabisa nkhope m'zitenje, bambo wina anasanza pakona. Pomaliza anauza Ishumaeli kuti abwezere pachiyambi penipeni. Chithunzi chinaima pa munthu wa jekete la ulonda, maso onse awiri ali tong'o, pakamwa pali yasa, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Nanga galu uyu ndani?"

Palibe analimba mtima. Mawu anachokera pa benchi yakutsogolo, otuluka mphepo. "Ndinu, agogo."

"Eya," anatero a Sefu. "Ndi amene anayamba. Ndipo sanayambe tsiku limenelo." Anatsegula chitseko, anthu natuluka mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Gawo lomaliza lija, la mbale imodzi, tinaonera anthu ochepa, ndipo linali loseketsa kwambiri.

Musaganize kuti anasanduka mngelo. Lilime linakhala lomwe lija, ndipo woledzera wina atakodza pa mpanda wawo anamuthyola mphuno ndi mutu. Anapita kwa a Lufeyo, a mkono wokhota aja, atanyamula nkhuku. A Lufeyo anawasiya ataima pabwalo mpaka anabwerera nayo. Pa maliro a a Sefu, a Lufeyo sanabwere, ndipo ine sindikuwaimba mlandu. Koma a Sefu sanakwapulenso mwana. Ndipo mawu aja akuti wakuba akamveka pamsika, kaya wakuwa ndani, a Sefu ankasiya filimu ili pakati, n'kutsimphina kulowera komweko. Akapeza munthu wagwidwa ankakhala pansi pambali pake, n'kumugwira dzanja mpaka apolisi afike. Anthu ankang'ung'udza, koma palibe ankafuna kuti dzina lake litchulidwenso. Kamodzi zinachitikira kutali, kumathero a msika, ndipo mwendo uja unawachedwetsa. Anabwerera zovala zikununkha utsi. Anakhala pa kampando mpaka madzulo, ndipo sindinawafunse.

Matelefoni atachuluka, aliyense n'kumaonera filimu m'manja mwake, shedi inayamba kuchepa anthu. A Sefu ankatsegulabe, nthawi zina kuonetsa mabenchi okha. Chifuwa chinawagwira chaka chathachi. Amene ankawanyamula pa njinga yamoto kupita ku boma ndi Filipo, amene tsopano ndi mnyamata wa ndevu zake, wa kabaza. Ankakangana njira yonse, mdala akukuwira khutu losamva lija. Tsiku la maliro abale ena anafunsa kuti Mkhristuyu akufunanji pa jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu. Ishumaeli anangowayang'ana, ndipo Filipo ananyamula nawo mpaka kumanda.

Sabata yatha, sadaka itatha, Filipo anabwera pa shedi. Anaimika njinga, nagula chitumbuwa chimodzi, osachidya. Ana amene ankasewera pamenepo anayamba kumupempha kuti, "Achimwene, tatsanzirani a Sefu!" Anakana kaye, kenako anatola chingwe. Anatulutsa mimba, natsinzina diso, nayamba kuyenda kutsogolo kwa chitseko. Ana anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona kuti akutsimphina mwendo wamanja. Filipo sangalakwitse zimenezo. Anayenda mpaka pa kampando kaja, naima mwendo umodzi uli m'mwamba, atatchera khutu lake lakumva, akudikira. Palibe anamukonza. Anatsitsa mwendo, naika chitumbuwa pa kampando, nakwera njinga yake.

Shediyo ikadalipo. Wailesi ya kanema ndi jenereta abale anatenga, mabenchi akutha limodzi limodzi, ndipo mbuzi zimalowa kukabisala dzuwa. Chikoti chili pa msomali kuseri kwa chitseko, chauma, palibe akuchifuna. Kampando kali pomwe paja, ndipo pansi pake pali kadzenje kamene chidendene cha mwendo wamanzere chinakumba pa zaka zonsezi. Dzulo ndinazungulira kuseri kukataya phulusa. Mipata yonse ya bango ndi yomata ndi dothi, monga a Sefu ankachitira chaka ndi chaka, kupatula kabowo kamodzi pafupi ndi mzati wakumbuyo, pa msinkhu wa mwana wa zaka khumi. Ndinawerama n'kusuzumira. M'katimo munali fumbi ndi kuwala kolowera pa malata obowoka.